Mtima Ukauma Ngati Chikopa: Zimene Tiyenera Kudziwa za Matenda a Amyloid

Aliyense wa ife kuno ku Tsangano amadziwako gogo wina wotere. Zaka zonsezi ankakwera chitunda kuchokera kudimba atasenza thumba la kachewere, anyamata n'kumatsalira m'mbuyo. Lero akachoka pakhonde kupita kumsewu amaima kawiri kuti apezeko mpweya. Nsapato zinasiya kulowa chifukwa mapazi ndi otupa. Usiku sagonanso chagada, amangokhala chotsamira khoma mpaka mbandakucha. Tikamakambirana timati ndi ukalamba basi. Ena amati ndi kuzizira kwa kuno, ndipo salephera kupezeka wina wonong'ona kuti pali dzanja la munthu.

Nthawi zambiri zizindikiro zimenezi zimatanthauza kuti mtima ukulephera kupopa magazi mokwanira, ndiye madzi ayamba kudzaza m'mapapo, m'mimba ndi m'miyendo. Chimene chimachititsa kwambiri vutoli kuno kwathu ndi BP. Kafukufuku wotchedwa THESUS-HF, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012, anaona odwala 1,006 a vutoli m'mayiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, ndipo anapeza kuti pafupifupi 45 mwa 100 aliwonse mtima wawo unaonongeka ndi kuthamanga kwa magazi. Ku Malawi kuno, kafukufuku wa mu 2009 anasonyeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse, mmodzi ali ndi BP yokwera.

Koma pali odwala ena amene vuto lawo silinachokere ku BP. Mtima wawo unauma, chifukwa m'minofu yake munaunjikana puloteni yotchedwa amyloid. Kwa nthawi yaitali madokotala ankati matendawa ndi osowa kwambiri. Atapeza njira zabwino zoyezera anazindikira kuti ankangowaphonya. Tasankha kuwafotokoza m'kalatayi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, zizindikiro zimene zimathandiza dokotala kuwaganizira ndi zinthu zimene apabanja amaziona kunyumba zaka zambiri asanapite kuchipatala. Chachiwiri, mankhwala ena amene amathandiza odwala mtima ambiri amatha kumupweteka wodwala ameneyu.

Dzina lobadwa m'kulakwitsa

Ophunzira amene anafika pa phunziro la zakudya mu Biology akukumbukira zimene zimachitika tikadontheza ayodini pa kachewere wodula. Dontho lofiirira lija limasanduka labuluu wodera, ndipo timadziwa kuti mmenemo muli sitachi. Mu 1854 dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anadontheza ayodini ndi asidi pa zinthu zachilendo zimene ankazipeza m'ziwalo za anthu omwalira. Zitasintha mtundu, anaganiza kuti wapeza chinthu cha mtundu wa sitachi m'thupi la munthu. M'Chilatini sitachi ndi amylum, choncho anazitcha amyloid, kutanthauza chofanana ndi sitachi. Patangopita zaka 5, mu 1859, Nikolaus Friedreich ndi August Kekulé anasonyeza kuti Virchow analakwitsa: zinthuzo zinali puloteni. Koma dzina linali litamera kale mizu, ndipo lilipobe mpaka lero. Ndiye pasapezeke wina wouza agogo kuti asiye kachewere kapena nsima poopa amyloid. Matendawa sachokera ku chakudya.

Puloteni yopindika molakwika

Puloteni iliyonse m'thupi mwathu imayamba ngati waya wautali wowongoka. Kuti igwire ntchito imayenera kupindidwa m'njira imodzi yokha, monga mmene ana amapindira waya kuti akhale galimoto. Ikapindika bwino imayenda m'magazi, imagwira ntchito yake, ikatha ntchito thupi limaiphwanya n'kupanga ina. Ikapindika molakwika imamatirira ku inzake yolakwikanso, zimenezo n'kumatiranso zina, mpaka kupanga tiulusi tolimba timene sitisungunuka ndipo thupi limavutika kutichotsa. Taganizirani choyera cha dzira. Chikakhala chachiwisi ndi chamadzimadzi ndipo chimaonekera. Chikapsa, mapuloteni ake amamasuka n'kugwirana, chimalimba, ndipo sichibwereranso mwakale. Mapuloteni opitirira 30 a m'thupi la munthu amatha kusanduka amyloid, koma amene amakonda kugwira mtima ndi awiri.

Tisanawatchule, tione kaye chimene tiulusi timeneti timachita. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, ndipo munthu akangokhala umapopa malita pafupifupi 5 a magazi pa mphindi imodzi. Pa kugunda kulikonse umachita zinthu ziwiri: umamasuka kuti magazi alowe, kenako umafinya kuti atuluke. Ambiri timangoganiza za kufinya, koma mtima sungatulutse magazi amene sunalandire. Amyloid ikalowa pakati pa maselo a minofu, makoma a mtima amachindikala n'kuuma. Chikopa cha mbuzi chongosendedwa kumene chimapindika mmene tafunira, koma chikakhala padzuwa masiku angapo chimangoti gwaa. Mtima wotero umalandira magazi ochepa, ndipo otsalawo amabwerera m'mbuyo, n'kumakankhira madzi m'mapapo ndi m'miyendo. Khoma la chipinda chachikulu cha mtima wabwino silipitirira mamilimita 11, pomwe la wodwala amyloid limatha kufika 15 kapena kuposa. Pa chithunzi umaoneka ngati mtima wa munthu wamphamvu, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiulusi tomweti timaononganso njira za magetsi zimene zimauza mtima nthawi yogunda. N'chifukwa chake odwala ambiri mtima wawo umagunda mosalongosoka kapena pang'onopang'ono kwambiri, ena mpaka kukomoka. Magazi akamachedwa m'chipinda chosagunda bwino amaundana, ndipo chibulumwa chikapita ku ubongo munthu amachita sitiroko.

Mitundu yake

Mtundu woyamba umatchedwa AL. Umayambira m'mafuta a m'mafupa, mmene muli maselo opanga asilikali a thupi olimbana ndi matenda. Gulu limodzi la maselowa likasokonekera limayamba kutulutsa tizidutswa ta asilikali tosakwanira, tambirimbiri, ndipo timeneti ndi timene timasanduka amyloid. Matendawa ndi pachibale ndi khansa ya m'mafupa yotchedwa myeloma. Amakonda anthu opitirira zaka 50, amagwira impso, chiwindi ndi mitsempha pamodzi ndi mtima, ndipo ndi achangu. Mtima ukafika polephera, wodwala wosalandira chithandizo kawirikawiri amakhala ndi moyo miyezi pafupifupi 6 yokha.

Mtundu wachiwiri umatchedwa ATTR, ndipo umachokera ku puloteni ya transthyretin. Imeneyi imapangidwa m'chiwindi, ndipo ntchito yake ndi kunyamula vitamini A ndi timadzi ta chithokomiro m'magazi. Imayenda ngati mtolo wa zigawo zinayi zogwirana. Mtolowo ukamasuka, chigawo chilichonse pachokha chimapindika molakwika. Kwa anthu ena mtolo umamasuka chifukwa cha ukalamba chabe, makamaka abambo opitirira zaka 65 kapena 70. Ku Finland, madokotala atayeza mitima ya anthu omwalira ali ndi zaka 85 kapena kuposa, anapeza amyloid imeneyi mwa munthu mmodzi pa anayi aliwonse, ngakhale kuti si onse amene inawadwalitsa. Ku Spain, mu 2015, anaipeza mwa odwala 13 pa 100 aliwonse a zaka 60 kupita m'tsogolo amene anagonekedwa ndi mtima wochindikala, wofinya bwino koma wolephera kudzaza.

Kwa anthu ena mtolowo ndi wosalimba chibadwire, chifukwa cha kusintha kwakung'ono mu DNA kumene anatengera kwa makolo. Woyamba kufotokoza matenda a kumtundu amenewa anali Corino de Andrade mu 1952, atawaona m'mabanja a asodzi a ku Póvoa de Varzim ku Portugal, kumene ankayamba ndi kufa dzanzi kwa mapazi. Kusintha kumene kumatikhudza kwambiri ife anthu akuda kumatchedwa V122I. Kunayambira kumadzulo kwa Africa, ndipo kunawoloka nyanja ya Atlantic m'matupi a anthu amene anagwidwa ukapolo. Lero anthu akuda a ku America atatu kapena anayi pa 100 aliwonse ali nako. Kholo likakhala nako, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wotengera. Si onse otengera amene amadwala, ndipo amene amadwala kawirikawiri amayamba atapitirira zaka 60. Ambiri mwa odwala amenewa ankauzidwa kuti mtima wawo wachindikala ndi BP, chifukwa BP ndi yofala pakati pawo monga ilili pakati pathu. Apa pali phunziro: matenda ofala amatha kubisa matenda ena kumbuyo kwake.

Palinso mtundu wachitatu, AA, umene umabwera thupi likakhala nthawi yaitali likulimbana ndi matenda monga TB, khate kapena chilonda cha m'fupa chosapola. Umenewu umakonda impso kuposa mtima, ndipo mankhwala ake enieni ndi kuchiza matenda oyambitsawo. Ichi ndi chifukwa chinanso choti wodwala TB amalize miyezi yake yonse 6 ya mankhwala, osasiyira panjira atangopezako bwino.

Matenda a amyloid saona nkhope. Pervez Musharraf, amene anali pulezidenti wa Pakistan kuyambira 2001 mpaka 2008, anamwalira nawo ku Dubai pa 5 February 2023, atadwala kwa zaka zingapo.

Zimene apabanja angaone

Kubanika, kutupa miyendo ndi kutopa zimapezeka pa matenda a mtima a mtundu uliwonse. Zimene zimaloza ku amyloid ndi zina zoyenda nazo, ndipo zambiri sizioneka ngati zikukhudza mtima.

Chizindikiro chachikulu ndi dzanzi la m'manja onse awiri, makamaka chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, limene limadzutsa munthu usiku mpaka kumakutumula manja. Limabwera amyloid ikaunjikana pamfundo ya dzanja n'kupana mtsempha, ndipo limatha kuyamba zaka 5 mpaka 10 mtima usanayambe kuvuta. Alimi ambiri amamva dzanzi chifukwa cha khasu, choncho palokha si umboni. Koma likakumana ndi kubanika ndi kutupa miyendo mwa munthu wachikulire, dokotala ayenera kuuzidwa.

Chachiwiri ndi BP imene inali yokwera zaka zambiri kenako n'kutsika yokha. Banja limasangalala kuti agogo achira, pomwe chenicheni n'chakuti mtima ukutulutsa magazi ochepa. Wodwala wotero amachita chizungulire akadzuka, ndipo mapiritsi a BP amene ankamuyanja kale amayamba kumufooketsa.

Zina ndi dzanzi kapena kutentha kwa mapazi mwa munthu wopanda shuga, kupweteka kwa msana ndi miyendo kumene kumachepa akawerama, kutsegula m'mimba kosinthana ndi kudzimbidwa, kuonda popanda chifukwa, ndi mnofu wa pamkono kuduka n'kupanga chotupa ngati dzira pamwamba pa chigongono. Pa mtundu wa AL, mkodzo umachita thovu losatha msanga chifukwa impso zikutaya puloteni, khungu lozungulira maso limada ngati wamenyedwa pomwe sanamenyedwe, ndipo lilime limatha kukula mpaka kuoneka zidindo za mano m'mbali mwake. Ngati m'banja munamwalirapo achikulire angapo ndi kutupa miyendo ndi kubanika, imeneyonso ndi nkhani yoti inenedwe.

Mmene amayezera

Kuyeza kumayamba ndi nkhani ya wodwala, ndipo pamenepa sipafunika makina. Kenako pamabwera zida ziwiri. ECG imajambula magetsi a mtima papepala. Echo imaonetsa mtima ukugunda, pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso monga sikani ya amayi oyembekezera. Mtima wochindikala ndi BP uli ndi minofu yambiri, choncho mizere ya ECG imakhala yaitali. Mtima wochindikala ndi amyloid wadzaza ndi zinthu zopanda magetsi, choncho mizere imakhala yaifupi poyerekeza ndi kukula kwa khoma. Kusagwirizana kumeneku, khoma lalikulu koma magetsi ochepa, ndi kumene kumadzutsa dokotala watcheru.

Akaganizira amyloid, funso lofulumira ndi lakuti: kodi ndi AL? Amayeza magazi ndi mkodzo kufufuza tizidutswa ta asilikali tija. Tikapezeka, amatenga kachidutswa ka mnofu, kawirikawiri mafuta a pansi pa khungu la pamimba kapena mafuta a m'mafupa, nthawi zina ka mtima weniweniwo. Kachidutswako amakapaka utoto wotchedwa Congo red, umene Hermann Bennhold anaonetsa mu 1922 kuti umamatirira ku amyloid. Utotowu unapangidwa ku Germany mu 1883 kuti uzinyika nsalu, ndipo ndi Congo umangogwirizana pa dzina. Pa maikulosikopu ya kuwala kwapadera, pamene pali amyloid pamawala mobiriwira.

Tizidutswa tija tikapanda kupezeka, pali sikani ina imene poyamba inkagwiritsidwa ntchito pojambula mafupa. Wodwala amabayidwa mankhwala okhala ndi technetium, amene amakamatirira ku amyloid ya ATTR, ndipo mtima umaonekera pa chithunzi mofanana ndi mafupa kapena kuposa. Mu 2016 gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Julian Gillmore wa ku National Amyloidosis Centre ku London linasonyeza kuti sikani imeneyi, pamodzi ndi magazi ndi mkodzo zopanda vuto, ndi zokwanira kutsimikiza ATTR popanda kudula mnofu wa mtima. Kuchokera pamenepo chiwerengero cha odwala opezeka chinakwera kwambiri m'mayiko amene ali ndi makinawa. Chomaliza ndi kuyeza DNA, kuti adziwe ngati ndi za ukalamba kapena za kumtundu, chifukwa yankho lake limakhudza ana ndi abale a wodwalayo.

Kwa ife ulendo umayambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, kupita ku chipatala cha boma ku Ntcheu, kenako ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madokotala a matenda a m'kati mwa thupi. Echo nayo ikuyandikira kumidzi. Kwa anansi athu ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira 2007, makiliniki a PEN-Plus a pa zipatala za Neno ndi Lisungwi ali ndi ogwira ntchito ophunzitsidwa kujambula mtima. Sikani ya technetium imachitika m'zipatala zikuluzikulu monga za ku Johannesburg, Cape Town ndi India.

Matenda ena ofanana nawo

Wina angafunse kuti: kuyezetsa kuli ndi phindu lanji ngati makina ena ali kutali chonchi? Phindu lake n'lakuti echo yomweyo imapeza matenda ena amene amaoneka chimodzimodzi, amene ndi ofala kuno kwathu ndipo ali ndi chithandizo. TB imatha kugwira kathumba kokuta mtima, n'kudzazamo madzi kapena kukaumitsa mpaka mtima kusowa pofutukukira. Imeneyi imachizika ndi mankhwala a TB, nthawi zina ndi opaleshoni. Pali matenda a zitseko za mtima amene amayamba ndi zilonda za pakhosi zosachizidwa mwa ana a zaka 5 mpaka 15, msinkhu wa ang'ono athu ndi ena mwa ophunzira athu, ndipo jakisoni wa penicillin amawaletsa kupitirira. Palinso endomyocardial fibrosis, matenda oumitsa m'kati mwa mtima amene Jack Davies anawafotokoza ku Uganda mu 1948. Dokotala wa ku Mozambique, Ana Olga Mocumbi, atajambula mitima ya anthu opitirira 1,000 m'boma la Inharrime, anapeza zizindikiro zake mwa munthu mmodzi pa asanu aliwonse, malinga ndi zotsatira za mu 2008. Munthu wongokhala pakhonde n'kumati ndi ukalamba sangadziwe kuti mwa matenda onsewa ake ndi ati.

Chithandizo

Chithandizo chili pawiri: kupeputsa mtima, ndi kuletsa amyloid yatsopano.

Popeputsa mtima, chida chachikulu ndi mapiritsi okodzetsa monga furosemide ndi spironolactone, amene amapezeka m'zipatala zathu. Amafuna muyezo wosamala. Akachepa, madzi amadzaza m'mapapo. Akachuluka, mtima wouma uja umasowa magazi okwanira oti udzaze, munthu n'kugwa ndi chizungulire. Wodwala amene mtima wake ukugunda mosalongosoka amapatsidwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, ndipo amene mtima ukugunda mochedwa kwambiri amaikidwa kachipangizo kotchedwa pacemaker. Kusiyana ndi odwala ena kuli apa: popeza mtima wouma umatulutsa magazi ochepa pa kugunda kulikonse, umadalira kugunda pafupipafupi. Mankhwala ochepetsa kugunda monga atenolol ndi propranolol amatha kumufooketsa wodwalayu, verapamil ndi woopsa kwa iye, enalapril amatha kugwetsa BP mopitirira, ndipo digoxin amafuna kusamala kwakukulu. Mankhwala amenewa ndi abwino ndipo akupulumutsa anthu ambiri a BP ndi a mtima. Wina asawasiye payekha chifukwa chowerenga nkhaniyi. Chofunika ndi kubwerera kuchipatala n'kunena kuti chiyambireni mapiritsi awa agogo akufooka.

Poletsa amyloid yatsopano, mtundu uliwonse uli ndi njira yake. Pa AL amapha maselo osokonekera aja ndi mankhwala a khansa. Kuyambira 2021 njira yodalirika ndi kuphatikiza daratumumab, bortezomib, cyclophosphamide ndi dexamethasone. Pa kafukufuku amene anatsimikiza njirayi, puloteni yoipa inatheratu m'magazi mwa odwala 53 pa 100 aliwonse, poyerekeza ndi 18 mwa amene sanalandire daratumumab. Odwala opezeka msanga tsopano amakhala zaka zambiri.

Pa ATTR, kale njira yokhayo inali kuika chiwindi china, zimene zinayamba ku Sweden mu 1990 kwa odwala a kumtundu. Kenako katswiri wa Chemistry, Jeffery Kelly wa ku Scripps Research ku America, anaganiza zomanga mtolo wa zigawo zinayi uja kuti usamasuke. Mankhwala ake, tafamidis, ali ngati luzi lomangira mtolo wa nkhuni. Pa kafukufuku wa odwala 441 amene anatuluka mu 2018, patatha miyezi 30 anamwalira anali pafupifupi 30 pa 100 mwa olandira mankhwalawa, ndi 43 pa 100 mwa osalandira. Anavomerezedwa ku America mu 2019. Mankhwala ena ogwira ntchito mofananamo, acoramidis, anatsatira mu 2024. Njira ina ndi kutseka mpopi ku gwero: vutrisiran, jakisoni wa kamodzi pa miyezi itatu, amaletsa chiwindi kupanga transthyretin yambiri, ndipo anavomerezedwa pa matenda a mtima mu 2025. Mankhwala onsewa amachedwetsa matenda, sabweza mtima mwakale. N'chifukwa chake kupezeka msanga ndi nkhani yaikulu.

Tinene zoona pa za mtengo. Tafamidis atangotuluka ankagulitsidwa madola 225,000 a ku America pachaka kwa wodwala mmodzi, ndalama zoti ngakhale mudzi wonse utagulitsa kachewere wake sungazipeze. Koma m'dziko lino tinaonapo zotere. Ma ARV ankagula madola opitirira 10,000 pachaka cha m'ma 2000, ndipo anthu ankati si a Amalawi. Mu 2004 boma linayamba kuwapereka ulere. Mitengo imatsika, koma imatsikira odwala amene akudziwika kuti alipo. Dziko limene silipeza odwala ake silikhala ndi poyambira popempha mankhwala.

Zimene tingachite pakhomo

Kaya mtima wavuta ndi amyloid kapena ndi china, chisamaliro cha kunyumba n'chofanana. Mchere umasunga madzi m'thupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Powerengera tisaiwale soda wa m'therere, nsomba zouma zamchere, ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Wodwala aziyezedwa pa sikelo m'mawa nthawi yofanana, ndipo tizilemba. Akakwera makilogalamu 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, osati kunenepa, ndipo ndi nthawi yopita kuchipatala. Mapiritsi opha ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi indocid, amene timangogula pagolosale, amasunga madzi ndipo amaononga impso. Wodwala mtima awapewe. Azigona mutu ndi chifuwa zili pamwamba, ndipo podzuka ayambe wakhala kaye pang'ono asanaimirire. Mwezi wa Ramadan ukamayandikira, wodwala amene akumwa mapiritsi okodzetsa akambirane ndi dokotala komanso a shehe nthawi ikadalipo. Kukhala tsiku lonse osamwa madzi kumatha kugwetsa BP ndi kupweteka impso za munthu wotere, ndipo tonse tikudziwa kuti wodwala ali ndi chilolezo pa nkhani ya kusala. Kukomoka, kubanika ali chikhalire, kapena kufooka mbali imodzi ya thupi ndi zinthu zosadikira kuti kuche.

Ntchito ina ndi ya inu ophunzira, chifukwa m'mabanja ambiri ndinu amene mumaperekeza agogo kuchipatala ndi kuwerenga zolembedwa m'kabuku kawo. Pamzere pamakhala anthu ambiri, ndipo dokotala amakhala ndi mphindi zochepa pa wodwala aliyense. Agogo akafunsidwa amangoti, "Miyendo yatupa, adokotala," za dzanzi la m'manja la zaka 7 zapitazo osazitchula, chifukwa sakuona kugwirizana kwake. Tchuthi chikubwerachi khalani nawo pansi muwafunse mwaulemu. Kubanika kunayamba liti? Amagona ndi mapilo angati? Manja amachita dzanzi usiku, onse awiri? BP inkakhala bwanji kale, nanga pano? Alipo mapiritsi amene anawadwalitsa? Makolo awo ndi abale awo anamwalira ndi chiyani? Lembani mayankho papepala limodzi, ndi zaka zake, muliike m'kabuku ka kuchipatala pamodzi ndi mayina a mankhwala onse amene akumwa, a chikuda omwe. Mukafika kwa dokotala perekani pepalalo, ndipo musachite manyazi kufunsa kuti: "Kodi n'zotheka kuti awajambule mtima?"